Kabuleta ya Galimoto ya Maliro

Tsiku limene tinaika mayi anu m'manda kunatentha kwambiri, kutentha kuja kumene kumabwera mvula ikamayandikira koma osagwa. Mitambo inasonkhana chakunyanja kuyambira m'mawa, koma mphepo kunalibe, moti masamba a mtengo wa mango wa pabwalo pathu ku Mbezi, muno mu Dar es Salaam, sanagwedezeke n'komwe. Ndikukumbukira akhwangwala akukangana pa denga, mabodaboda, njinga zamoto zonyamula anthu, akudutsa kumsewu wa kumunsi, ndi mawu a azimayi m'nyumba akupemphera chapansipansi. Munthu wina chapatali ankakhoma malata, ndipo sanasiye tsiku lonse.

Iwe Mariamu unatsala m'nyumba ndi azimayi anzako monga mwa mwambo wathu, choncho zimene zinachitika panjira ya kumanda unangozimva m'kamwa mwa anthu. Iwe Yusufu unalipo, unaona zonse, ndipo mpaka lero supereka moni kwa Che Amidu ndi Che Saidi. Mutu uno wa mbiri yanga ndaulembera inu awiri, ana anga. Ndaulemba m'Chichewa dala, pakuti ndikudziwa kuti mumachimva ngakhale mumandiyankha m'Chiswahili. Koma ndiyambire kumene ndinaphunzira ntchito.

Ku Keko, zaka zoyamba

Ndinafika mu Dar es Salaam ndili wosakwatira, nditakwera lole ya malume anga amene ankadzatenga katundu kudoko. Iwo ndi amene anandisiya pa galaja ya Mzee Shabani ku Keko, kuseri kwa akalipentala opanga mipando. Utuchi unkalowa paliponse: m'tiyi, m'maso, m'mabokosi a masipanala. Mzee Shabani anali munthu wamfupi, wa diso limodzi lofooka, wosakonda kuyankhula. Dzina langa la Idrisa sanalitchulepo. Kwa iwo ndinali Mnyasa basi, dzina limene amatitcha ife Amalawi kuno.

Kwa nthawi yaitali ntchito yanga inali kutsuka zitsulo m'chitini chodula pakati. Tsiku lina anandiitana. "Mnyasa, njoo. Siya zimenezo, dzaone." Pa thebulo anayala nsalu yoyera, ndipo pa nsalupo anaika kabuleta, kachipangizo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya injini isanazimeze. Anaimasula pang'onopang'ono, kalikonse kamene achotsa akukaika pamzere, kuyambira kumanzere. "Ichi sichifuna mphamvu," anatero. "Ukaona kuti wayamba kulimbana nacho, siya, kamwe madzi, ubwerenso. Chitsulo chake n'chofewa ngati cha poto."

Zinali zaka za usowa. M'masitolo munalibe zipangizo, ndipo eni magalimoto ankabwera ndi nkhope zopempha ngati ife ndife amene tabisa. Gasiketi, kapepala kolimba kamene kamakhala pakati pa zitsulo ziwiri kuti mafuta asatayike, sinkapezeka yodula kale. Tinkadula tokha. Pepala lake Mzee ankalisunga kunyumba kwawo pansi pa matiresi, n'kumabweretsa kachidutswa kokwanira ntchito ya tsikulo. Amakanika ena ankagwiritsa ntchito katoni ya sopo kapena chikuto cha buku la mwana wa sukulu. Mzee ankakana. Ankati katoni imamwa petulo n'kusungunuka, ndipo imadikira kuti ufike pamalo opanda mthunzi. Ndili pa galaja imeneyo ndi pamene ndinapita kumudzi ku Machinga n'kubwera ndi mayi anu. Mzee atawaona koyamba anawauza kuti, "Pole, mama. Wakwatiwa ndi munthu wonunkha petulo." Mayi anu sankadziwa Chiswahili nthawi imeneyo, ndiye anangogwada n'kuthokoza.

Ku kampani ya malole

Mzee atamwalira, ana awo anagulitsa malowo kwa akalipentala. Ndinalowa ntchito pa kampani ya malole opita ku Malawi, pansi pa bwana wina dzina lake Lukasi, munthu waphokoso koma wosasunga zinthu kukhosi. Akakukalipira m'mawa, masana ankabwera kudzadya chipisi m'mbale mwako. Kumeneko ndinakhalako mpaka kupuma ntchito. Madalaivala ankatibweretsera nandolo ndi nkhani za kumudzi, ndipo inu munakula ndi zimenezo. Koma malole ndi a dizilo, alibe kabuleta, ndipo manja anga ankaisowa ntchito ija ya pa nsalu yoyera.

M'zaka zimenezo ife Amalawi a mzikiti wathu tinasonkherana n'kugula pikapu yakale ya petulo, yoti izinyamula maliro athu. Tinatopa ndi kupempha magalimoto kwa anthu pa tsiku lachisoni. Tinaiwotcherera zitsulo kumbuyo n'kuifunditsa lona wobiriwira. Lamulo linali limodzi: inyamule womwalira kapena wodwala, osati china chilichonse. Ntchito yoisamalira inagwera ine. Loweruka lililonse ndinkaitsuka, kuiliza, kumvetsera. Mayi anu ankati, "Baba Yusufu, mkazi mnzangayo mwamusambitsa kale? Bwerani mudye, sathawa." Sindikumbukira tsiku limene inatichititsa manyazi. Inanyamula makanda, madalaivala amene anafera kuno kutali ndi kwawo, ndi akuluakulu amene anatilandira mumzinda muno.

Mayi anu atayamba kudwala kwambiri, ndinapereka makiyi kwa anthu awiri. Che Amidu, wogulitsa zitenje ku msika wa Kariakoo, ndi amene anali wapampando wathu wa za maliro. Che Saidi anali dalaivala wa malole wopuma ntchito, mnzanga wa ku kampani, ndipo ndi amene ankaiyendetsa. Kwa miyezi yambiri galimotoyo sindinaione. Dziko langa linali chipinda cha mayi anu ndi mabenchi a kuchipatala.

Tsiku la maliro

Mayi anu anatisiya m'mawa, titangotha swala, pemphero la m'bandakucha. Mukudziwa mmene timachitira: mwini maliro amakhala pa mkeka, safunsidwa kanthu, sagwira kanthu. Anthu amamuganizira zonse. Ndinakhala pakhonde, anthu akubwera kudzandigwira dzanja. Chakumasana ndinamva pikapu ikulowa pabwalo. Inkalira mokhosomola, ndipo fungo la petulo linafika mpaka pamene ndinakhala. Ndinayamba kudzuka, koma Shehe anandigwira paphewa. "Khalani, Che Idrisa. Lero si tsiku lanu la ntchito. Anzanu aona kale." Ndinayang'ana Che Saidi, iwo anayang'ana kumbali. Ndinakhala pansi.

Titaswali Asiri, swala ya chakumadzulo, ndi kuswalira mtembo, tinakweza jeneza, machira aja onyamulira womwalira, n'kunyamuka. Manda athu ali patali ndithu, mukachoka pa tala n'kulowa msewu wa fumbi. Pa chikweza chachitali cha msewu umenewo injini inatsamwa, n'kuzima. Che Saidi anayesa kuiliza mpaka batire inayamba kufooka. Apo palibe amene akanandiletsa. Ndinatsika ndi mkanjo wanga woyera n'kutsegula boneti.

Petulo ankadontha pa injini yotentha. Pakati pa chivundikiro cha kabuleta ndi kapoto kake kosungira petulo panatuluka m'mphepete mwa katoni yofiira, itanyowa phwetete, ndipo kuzungulira pake anapakapo sopo wochapira. Nditapukuta sopoyo ndi chala, ndinaona mng'alu. Wina anali atamanga bawuti mwamphamvu mpaka ngodya ya kapoto inang'ambika. Gasiketi ndikanatha kudula pomwepo ndi mpeni. Mng'alu sindikanautha.

"M'mawa inakana kulira," anatero Che Saidi kumbuyo kwanga. "Tinati tisakuvutitseni muli pa mkeka."

Anthu anaimba mafoni uku ndi uku, koma magalimoto onse amene analonjeza kubwera anali mu foleni, mzere wautali wa magalimoto, kumsewu waukulu, osasuntha. Kunyamula pamapewa kunali kutali, ndipo ambiri a ife tinali okalamba. Dzuwa linali litapendeka, mitambo ija inali itafika pamutu pathu, ndipo manda anali okumba kale, akudikira. Mvula ikanagwa, akanadzaza madzi. Shehe anati, "Tikhoza kubwerera nawo kunyumba, tidzaike mawa. Koma kutenthaku mukukuona. Mawu ndi anu."

Pomwepo kunatulukira lole yaing'ono yochokera kotsitsa makala. Dalaivala wake, munthu amene sitinamuonepo, wa korona yolendewera pagalasi, anaima yekha. Atamva nkhani, anakwera kumbuyo n'kuyamba kusesa ndi nthambi, kenako anayala bulangete lake logonera. Iwe Yusufu unandigwira mkono. "Baba, hapana. Mama pa makala? Mama?" Unali ndi chifukwa. Mayi anu anali munthu wochapa ngakhale chiguduli chopukutira mapazi. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za anthu onse amene ndinawaperekeza mwaulemu pansi pa lona wobiriwira. Kenako ndinaganiza za iwo, kugona usiku wina m'nyumba yotentha chifukwa choti ine ndikuchita manyazi. Ndinati, "Kwezani."

Pofika kumanda, nsalu ya pa jeneza inali yakuda. Powatsitsira m'manda, manja athu anasiya zidindo za makala pa sanda, nsalu yoyera imene anawakulungamo. Chimodzi chinali cha dzanja langa. Tikumaliza kukwirira, mvula inayamba.

Miyezi yotsatira

Pikapu anaikoka n'kukaisiya kuseri kwa mzikiti. Ine sindinapiteko. Che Amidu ndi Che Saidi ndinkawapatsa salamu, chifukwa salamu ndi ya Mulungu, koma osapitirira pamenepo. Sindinawanenere choipa kwa munthu aliyense. Koma ndikagwada pa swala, chimene ndinkaona ndi zidindo zija.

Patapita masabata angapo anabwera kunyumba awiriwo ndi kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Anakhala pa benchi nthawi yaitali akukamba za mvula. Pomaliza Che Saidi anati, "Kabuleta iyi taipeza ku Kariakoo, kwa ogulitsa zitsulo zakale. Akuti ndi ya mtundu womwewo. Inagwirapo ntchito, koma akuti ilibe vuto." Ndinati, "Ikani pamenepo." Anaika pansi pa benchi, ndipo inakhala pamenepo mpaka nyuzipepala inachita chikasu. Mumtima ndinali nditatsimikiza kuti galimoto imeneyo sindidzaikhudzanso. Maliro awiri anachitika nthawi imeneyo, ndipo anthu anabwerera ku kupempha magalimoto.

Amene anandidzutsa ndi Abiti Jafali, mayi aja ogulitsa vitumbua pa siteji, amene amasambitsa mitembo ya azimayi. Ndi iwo anasambitsa mayi anu. Anabwera tsiku lina m'mawa ndi vitumbua m'kambale, n'kukhala pa benchi yomweyo akupumira m'mwamba. Phazi lawo linagunda phukusi lija.

"Ichi ndi chija anthu akunena?"

"Ndi chimenecho."

"Chikuikira mazira?"

Anandikankhira kambale. "Idyani. Ine miyendo yayamba kutupa, achimwene. Ndafunsa kale amene adzandisambitse, ndapeza. Chatsala ndi chonyamulira. Kapena mukufuna mudzandikweze pa bodaboda, wina andigwirizire kumbuyo?" Anaseka okha, kenako anasiya. "Mkazi wanu ndinamukulunga ndi manja angawa. Anachoka m'nyumba muno ali woyera, ndipo kumene anapita anafika ali woyera. Makalawo atsala kwa inu."

Atapita, ndinatulutsa kathebulo pansi pa mango n'kuyala nsalu.

Kabuletayo inali yakuda ndi mafuta akale osakanikirana ndi fumbi. Ndinaitsuka kunja kaye ndi palafini ndi mswachi wotha ntchito, kuti zonyansa za kunja zisalowe m'kati. Mabawuti a chivundikiro anali atagwira dzimbiri. Ndinawadonthezera mafuta, n'kupita kukaswali, ndipo pobwera anamasuka okha. M'kapoto munali utomoni wofiirira wa petulo amene anauma kalekale, wonunkha ngati vanishi wa akalipentala. Ndinachotsa fuloti, kachitini kopanda kanthu kamene kamayandama pa petulo n'kutseka njira kapoto kakadzaza. Ndinakagwedeza pafupi ndi khutu. Munalibe phokoso, kusonyeza kuti sikanabooke. Kenako ndinamasula majeti, timabawuti tamkuwa ta timabowo tating'ono todutsira mafuta. Nditawaloza kudzuwa, kuwala sikunadutse. Zonsezo ndinaziviika m'sefuliya yakale mpaka tsiku lotsatira.

M'mawa mwake ndinatsuka chimodzichimodzi. Jeti siitokosedwa ndi waya, chifukwa bowo likakula galimoto imamwa mafuta moyo wake wonse. Ndinazula katsitsi kamodzi ka bulashi n'kumalowetsa mofatsa, kenako kupopera mpweya ndi pampu ya njinga, njira iliyonse ya m'kati, mpaka ndimve mpweyawo ukutulukira mbali ina pa tsaya langa. Gasiketi yakale inali itamatirira. Ndinaipala ndi lezala mogoneka, osakanda chitsulo. Ntchito imeneyi sifuna kuti uganize zina. Ndinazindikira madzulo kuti tsiku lonse sindinaone zidindo zija.

Gasiketi yodula kale ya mtundu umenewu masiku ano sipezekanso, koma pepala lake lili ponseponse. Ndinapaka mafuta pang'ono pa milomo ya kapoto, n'kukadinda pa pepalalo. Apo ndi pamene ndinaima. Ana anga, pali chinthu chimene anthu a ku mzikiti sankachidziwa. Magasiketi onse a galimoto imeneyo, ndi ambiri a ku Keko, sindinadule ine. Ndinkadinda, n'kupita nalo pepalalo kwa mayi anu pa makina awo osokera. Iwo ankadula ndi kasizasi kawo kakang'ono kopindika, akuluma mlomo wa m'munsi, n'kundibwezera akuti, "Nayo diresi ya mkazi mnzanga." Ndinalowa m'chipinda n'kutsegula kabati ya makina, koyamba chimwalirireni iwo. Kasizasi kanali pamwamba pa timabatani. Zala zanga sizinkalowa bwino m'mabowo ake. Gasiketi yoyamba ndinaidula mokhota. Yachiwiri inang'ambika pa ngodya, ndipo ndinalira kwa nthawi, zimene sindinachite kumanda. Yotsatira inakhala bwino.

Kuseri kwa mzikiti

Loweruka m'mawa ndinatumiza uthenga kwa awiri aja kuti abwere ndi batire yotchaja ndi petulo wa pa filing'i siteshoni. Ndinawapeza afika kale, atasesa masamba pa lona. Ndisanamange kabuleta ndinafuna kukhuthula thanki, chifukwa kutsuka kapu n'kuthiramo madzi a matope n'kutaya nthawi. Ndinalowa pansi pa galimoto, ndipo Che Amidu anagwada ndi beseni. Chimene chinatuluka choyamba si petulo. Anali madzi, ndi mchenga pansi pake.

Che Amidu anayang'ana m'besenimo nthawi yaitali. "Che Idrisa, pali china chimene sitinanene."

"Ndaona. Masipuling'i a kumbuyo agona. Mtembo sulemera choncho."

"Ndi mabelo anga a zitenje. Kuchoka ku Kariakoo kupita kokwerera mabasi. Ndinati ndi kamodzi kokha, kenako zinazolowereka. Mafuta tinkagula a m'zigubu, a m'mbali mwa msewu."

"Ine ndi amene ndinkayendetsa," anatero Che Saidi. "Musawasenzetse okha. Ndipo bawuti ija ndinamanga ndine. Ndinkaona ikudontha, ndinkangowonjezera. Dzanja langa linazolowera mateyala a lole."

Che Amidu anavula kofia n'kuigwira m'manja. Munthu uja wa mawu ambiri pa misonkhano anayankhula chapansipansi. "M'mawa uja tinaima pa geti panu, tikukuonani muli pa mkeka. Saidi anati tikuuzeni. Ine ndinakana. Ndinati ndi mwambo, mwini maliro savutitsidwa. Koma sunali mwambo wokha. Ndinkaopa kuti mukatsegula mudziwa."

Ndinatuluka pansi pa galimoto n'kukhala pa bampala. Ndinawayang'ana: amuna awiri a imvi, amene mmodzi anakunyamula iwe Yusufu pa tsiku lokupatsa dzina, winayo anagona nane pa msewu masiku ambiri malole akafa. Chimene anachita chinali choipa, ndipo sindinawauze kuti sichinali choipa. Ndinangoti, "Che Saidi, sambani m'manja, mudzagwire apa."

Ndinaika gasiketi, n'kukhazika chivundikiro. Ndinawapatsa sikuludiraiva, dzanja langa lili pamwamba pa lawo. Tinamanga mopingasa, bawuti iyi pang'ono, ya kutsidya pang'ono, kubwereranso. Itangogwira ndinati, "Basi."

"Basi? Ndiye yamangika pamenepa?"

"Yamangika."

"Ine ndikanapitiriza mpaka mawa."

"Ndikudziwa."

Che Amidu anaseka misozi ili m'masaya. Tinathira petulo. Injini inazungulira kangapo, inakhosomola utsi wakuda, kenako inagwira. Ndinasintha kabawuti ka mpweya pang'onopang'ono mpaka kulira kwake kunakhazikika. Ndinapititsa chala kuzungulira gasiketi. Chinabwera chouma.

Che Amidu anatulutsa makiyi aja m'thumba n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinawabwezera. Ndinawauza kuti maso anga akufooka, ndipo galimotoyo ifuna anthu oposa mmodzi, koma Loweruka lililonse azibwera tiziitsegula limodzi. Akubwera mpaka pano. Che Saidi tsopano amadziwa kudinda pepala, ngakhale kudula ndimadulabe ndekha.

Yusufu, sindikukuuza kuti uiwale. Inenso sindinaiwale, ndipo ndikadutsa pa chikweza chija ndimakhala chete. Koma amene anavula kofia pamaso panga tsiku lija ndi akuluakulu ako, ndipo tsiku langa likadzafika, ngati Mulungu adzawasunge, ndi iwo adzakuuze kuti ukhale pa mkeka. Usadzawanyamulire mlandu m'dzina langa kapena la mayi ako. Ine ndinawakhululukira onse awiri.